Thandizeni: tibwererenso kumalo odyera nsomba aja kapena tisinthe?

Membala wobisa dzina:
Moni a gulu. A admin ndibiseni dzina chonde, alamu anga ali mommuno. Apongozi anga aakazi abwera kuno ku Joni kuchokera ku Nkhotakota, akuti kudzaona mdzukulu, chonsecho mwanayo anabadwa kalekale, pano akuyenda, nthawi yonseyi kunali zii. Lamulungu lapitali titatuluka m'tchalitchi bambo akunyumba anati tiyeni tikawadyetse nsomba poti ndi anthu a kunyanja. Ine ndinati ndiphika pakhomo, koma mayi awo akakhalapo zonena zanga sizimveka m'nyumba muno. Tinapita ku imodzi mwa malesitilanti a nsomba aja okhala ndi nthambi m'ma mall, kuno mbali ya Kempton Park. Dzina sinditchula.

Tinadikira chakudya mpaka mwana kugona, kudzuka, kuyamba kulira. Nsomba pobwera inali yoyera mbee, ukaibaya ndi foloko madzi chuu m'mbale, tchipisi zozizira. Apongozi anangotsina kamodzi, kununkhiza, n'kufunsa kuti mutu wake uli kuti. Anadya mpunga wokha. Mlamu wanga amene sanasonkheko ngakhale R1 ndiye anaitanitsa ma prawns. Bilu pobwera panali ndalama ina yoonjezera, akuti ya service, yomwe palibe anatiuza. Ndinalipira ndine, ndalama ya chipereganyu yomwe ndimasungira firiji.

Mwezi wamawa apongozi aamuna akubwera kudzawatenga ndipo bambo akuti tipitenso. Kodi nthambi zonse zili chonchi kapena tinangopita tsiku loipa? Nanga ya service ija angandibwezere? Osandinyoza chonde, BP yanga ndi yokwera kale.

Mwana wa Msodzi:
Mayi inu, munthu wa ku Nkhotakota mwakamudyetsa nsomba ya m'madzi amchere ija, hake? HAKE? Munthu woti anakula akudya chambo chotuluka m'madzi m'mawa womwewo, kampango wowamba, usipa wofutsa? Mwawalakwira mayi aja. Joni kulibe nyanja. Durban ili pa mtunda wopitirira makilomita 500, Cape Town pafupifupi 1,400. Nsomba yafika bwanji pa mbale yanu ngati si mu ayezi? Nsomba yopanda mutu ine sindiikhulupirira. Amachotsa mutu kuti musaone maso, poti maso ndi amene amaulula kuti inafa liti.

Weta wa ku Boksburg:
Achemwali, munali anthu angati patebulo? Ndipo munaitanitsa nsomba yanji, yokazinga kapena yowotcha? Yankhani zimenezi kaye. Malo ambiri kuno mukakhala gulu lalikulu amaikiratu 10% pa bilu, ndipo amakhala atalemba pansi pa menu timalemba ting'onoting'ono. Ngati analemba, ndalamayo yapita. Ngati sanalembe paliponse, muli ndi pokambira.

NaBanda wa Salon:
Ine nkhani ya nsomba ilibe ntchito. Nkhani ndi mlamuyo. Munthu wosasonkha amaitanitsa bwanji ma prawns? Ndipo bambo akunyumba anali kuti bilu ikubwera, anapita kutoileti? Sis tsegulani maso.

Che Kalipentala:
Kkkkk mutu wa nsomba anatengera kunyumba manejala, nayenso ali ndi apongozi.

Mwana wa Msodzi:
Inu a Weta musateteze mabwana anu. Kwathu ku Mangochi nsomba timaiyang'ana makha, akakhala ofiira ndiye kuti ndi ya lero. Mundiuze, pa kachidutswa kokutidwa ndi fulawa makha muwaona pati?

Weta wa ku Boksburg:
Achimwene, mwini nkhani sananene kuti inali hake, mwanena ndinu. Ndipo kuuma mu ayezi si vuto. Hake imagwidwa kunyanja yamchere mbali ya Cape ndi Namibia, ina amaikonza n'kuiumitsa m'sitima momwemo. Imeneyo ndi yabwino kuposa chambo choti chagona padzuwa pamsewu chikudikira basi. Cholakwika chimachitikira kukhitchini. Nsomba imafunika kuisungunula pang'onopang'ono m'firiji usiku wonse. Anthu akachuluka, zosungunula zikatha, ena amaithira m'madzi mwachangu kapena kuiponya pamoto mkati mukadali ayezi. Ndi imene imatuluka madzi m'mbale ija. Lamulungu masana, makamaka kumapeto kwa mwezi, ndiye nthawi yoipitsitsa, matchalitchi onse amatulukira kumeneko.

Mkulu wa Mpingo:
Abale, Levitiko 11 ikunena momveka: za m'madzi tidye zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Ma prawns, calamari, nkhanu, zonsezo ayi. Mwina bilu yakwerayo ndi chenjezo.

NaBanda wa Salon:
A mkulu, nanga mlamba ndi kampango mamba ake ali pati? Theka la Malawi ndiye latha.

Mkulu wa Mpingo:
N'chifukwa chake ife sitidya, mayi.

Mayi a Mapasa:
Mwandikumbutsa zanga. Ine ndinapita malo ngati amenewo ku Midrand tsiku la birthday yanga, ndinalawako prawn imodzi ya mnzanga, milomo inatupa, thupi lonse zidzolo, usiku ndinakagona kuchipatala. Mnzangayo mpaka lero sanabwere kudzandizonda, koma zithunzi za tsikulo anaika pa Facebook. Ngati apongozi aamunawo sanadyepo zimenezi musawakakamize kulawa, ena thupi limakana ndipo zimatha kutseka pakhosi.

Mwana wa Msodzi:
Mwamva? Chambo chinatupitsapo munthu milomo? Ine bambo anga anali ndi bwato ku Makawa. Nsomba sinkafuna sosi, mchere ndi tomato basi. Awa amathira batala ndi mandimu chifukwa nsomba yawo payokha ilibe kukoma. Ndiye mukalipire ndalama zonsezo popanda nsima? Mpunga wachikasu wodzaza supuni ziwiri?

Bambo a ku Rosettenville:
Achimwene a msodzi, chambo chanucho kumudzi komweko chikusowa, mpaka boma limatseka nyanja Novembala ndi Disembala kuti chiswane. Chimene mumagula kunochi m'mashopu a anzathu, nthawi zambiri ndi tilapia ya m'makhola, ndipo nayonso imabwera youma mu ayezi. Tisanamizane.

Mwana wa Msodzi:
Yanga imabwera pa basi, mlongo wanga amatumiza yowamba. Musandiphunzitse nsomba inu, mwina kwanu ndi ku Ntcheu, mumadziwa mbatata.

Bambo a ku Rosettenville:
Ku Ntcheu kwalakwa chiyani apa?

Admin:
Za maboma ndi mitundu ayi. Wopitiriza ndimuchotsa. Komanso amene mukulemba maina a malesitilanti mongoganizira, ndafufuta. Mwini nkhani sanatchule.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. A NaBanda mwalasa, bambo anatulukadi panja akuti foni. Ndipo dzulo ndamva apongozi akuuza mwana wawo wa ku Lilongwe kuti ndinawatengera kumalo a azungu dala kuti achite manyazi ndi foloko. Ine? Munthu woti ndinawagulira nsapato atangofika?

Weta wa ku Boksburg:
Achemwali, funso langa lija. Munali angati? Munabukitsa tebulo?

Mlongo wa ku Ofesi:
Ndiyankheko zomwe mwafunsa poti ena ali pa chambo. Malesitilanti a nthambi zambiriwa amayenda pa franchise. Dzina, menu ndi kumene amagula nsomba n'zimodzi, koma nthambi iliyonse ili ndi mwini wake, manejala wake ndi ophika ake. N'chifukwa chake ya mall ino imatha kukhala yabwino, ya mall inayo n'kukhala yokhumudwitsa. Onani zomwe anthu alemba pa Google za nthambi imeneyoyo, za miyezi yaposachedwa. Risiti musataye. Lemberani ku likulu lawo, mutchule nthambi, tsiku ndi nthawi, eni nthambi amaopa likulu kuposa kasitomala. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 sililola kulipiritsa kuposa mtengo womwe waonetsedwa, ndipo zikakanika kuli Consumer Goods and Services Ombud, ofesi yomva madandaulo a ogula, kudandaula n'kwaulere. Koma za kukoma kwa nsomba zinafunika kunena pomwepo mbale isanathe.

Che Kalipentala:
Ombud chifukwa cha tchipisi zozizira? Amalawi tafika patali kkkkk.

Achimwene a Simenti:
Ndalama ya bilu imeneyo ndi matumba angati a simenti? Anthu mukudya nyumba zanu m'ma mall. Tsiku lobwerera kumudzi mudzagona mu risiti?

Weta wa ku Boksburg:
Chinanso, poti palibe akuchinena. Ambiri operekera zakudyafe ndi abale anu omwe, Amalawi ndi a ku Zimbabwe, ndipo timadalira tipi. Tebulo lalikulu limakutengera maola awiri, wina akufuna madzi otentha, wina wasintha maganizo nsomba ili kale pamoto, pomaliza akusiyira R5 ndi "Mulungu akudalitseni". N'chifukwa chake anaika 10% ija. Mukapitanso pitani mkati mwa sabata kapena Loweruka 12 isanakwane, imbani foni kaye. Funsani ngati ali ndi nsomba yathunthu yowotcha, malo ena amakhala nayo, mutu ndi mchira zilipo. Chakudya chikabwera chozizira chibwezeni nthawi yomweyo, osadya kaye.

Mwana wa Msodzi:
Yathunthu kapena yoduladula, ya m'madzi amchere ndi ya m'madzi amchere. Mayi, ndipezeni ku inbox. Mlongo wanga akutumiza katundu Lachisanu, kampango ndi utaka. Muwaphikire madala aja pakhomo ndi nsima ya ufa woyera, adzakudalitsani.

NaBanda wa Salon:
Ohoo, ndiye phokoso lonseli munali pa malonda?

Mwana wa Msodzi:
Malonda ake ati? Ndikuthandiza munthu. Mtengo tikambirana.

Membala wobisa dzina:
A Weta pepani ndinali kusambitsa mwana. Risiti ndaifuna sindikuipeza, mwina ili m'thumba la jekete ya bambo, koma panopa sitikulankhulana. A msodzi, utakawo ndi wa mchenga kapena woyera?