Ndithandizeni: gulu lathu la Frostgrave likumenya bwino koma chuma chikupita ndi anzathu

Akuluakulu ndi anzanga nonse a pa gulu lino, funso langa ndi losazolowereka, koma pa anthu ochuluka chonchi sipangalephere wina wodziwa masewera a tizidole ta pa tebulo. Ndimakhala ku Leicester. Mwana wanga wachisamba, wa zaka 12, ndiye anandikokera ku masewera otchedwa Frostgrave, ndipo Lachinayi lililonse madzulo timapita limodzi ku holo ina ya m'dera lathu kumene osewera amasonkhana. Ndi nthawi yokhayo pa sabata imene mnyamatayu amaika foni pansi n'kucheza nane mpaka kukhuta, ndiye nkhaniyi ndaitengera pamtima.

Kwa amene simukuwadziwa masewerawa: anatuluka mu 2015 ku kampani ya Osprey, ndipo ife timatsata malamulo atsopano a 2020. Tebulo limakhala la mafiti 3 mbali zonse, lodzaza mabwinja a mzinda wozizira wotchedwa Felstad. Aliyense amakhala ndi wamatsenga mmodzi, wophunzira wake, ndi asilikali osapitirira 8. Pa tebulo pamaikidwa mabokosi a chuma 5, limodzi pakati penipeni, ndipo ntchito ndi kuwanyamula n'kutuluka nawo. Chilichonse chimagamulidwa ndi dayisi ya mbali 20.

Poyambira amakupatsa golide 400 wogulira gulu. Ife tinagawa motere: wophunzira 100, ma knight (asilikali ovala zitsulo) awiri pa 125 aliyense, infantryman (msilikali wamba) mmodzi pa 50. Ndalama zinathera pomwepo, ndiye malo asanu otsalawo tinadzaza ndi ma thug (zigawenga), popeza iwo ndi aulere. Wamatsenga wathu ndi wa sukulu ya matsenga yotchedwa Elementalist, ndipo timadalira kwambiri tsenga lolasira mdani patali la Elemental Bolt.

Tasewera katatu masewera oyeserera, katatu konse tabwerako ndi bokosi limodzi kapena opanda kanthu. Lachinayi lapitali ndi limene linandiwawa. Tinakumana ndi mayi wina wachikulire amene gulu lake linali la anthu otchipa okhaokha: mbava zitatu, ma thug awiri, oponya mivi awiri, galu. Ma knight athu anafika pakati, n'kugwetsa ma thug ake awiri, mwana wanga mpaka kuimirira pa mpando ndi chimwemwe. Pamene ife tinali kalikiliki ndi ndewuyo, mbava zake zinazungulira kuseri kwa khoma, chimodzi uku china uko, mabokosi atatu n'kutuluka. Kenaka ndinamutulutsa wamatsenga wathu poyera kuti aponye Elemental Bolt. Dayisi inagwa pa 4, tsenga linakanika, mivi iwiri inamupeza ali chiimire, basi wagona. Mayiwo anatigwira chanza mwaulemu, koma m'galimoto pobwerera mnyamata sanayankhule mpaka kunyumba.

Vuto lenileni ndi ili. Ma knight awiriwo anawapenta yekha. Anakhala Loweruka lathunthu pa tebulo la kukhitchini, atayala nyuzipepala, lilime lili panja, kupenta chishango ndi kaburashi konga nsonga ya udzu. Mmodzi anamuveka mkanjo wofiira, wina wobiriwira, ndipo pansi pa mapazi awo anamatapo soda wophikira ndi guluu kuti azioneka ngati akuponda chipale. Sabata yamawa mpikisano weniweni wa masewera angapo otsatizana ukuyamba, ndipo mndandanda wa gulu tikuyenera kupereka Lachinayi lomwelo. Ndichotse ma knight onse? Ndisiye mmodzi? Ndalama zotsalazo ndigule ndani? Nanga wamatsengayu tizimuyendetsa bwanji kuti asamafe msanga?

Mayankho

Mbale wa ku Nottingham:
Achimwene, vuto lanu mwalitchula kale nokha. Golide 250 mwa 400 mwamuika mwa anthu awiri amene ntchito yawo ndi imodzi. Knight ndi wabwino, Fight (mphamvu pa ndewu) yake +4, Armour (chitetezo) 13, Health (magazi) 12, munthu wovuta kumugwetsa. Koma amayenda mainchesi 5 okha, ndipo mukudziwa kuti kuyenda kwachiwiri pa ulendo umodzi ndi theka, ndiye onse pamodzi 7 ndi theka. Akanyamula bokosi liwiro limadulidwanso pakati, satha ndi mainchesi 4 omwe. Kuchokera pakati pa tebulo kukafika kumapeto ndi mainchesi 18, ndiye maulendo asanu munthu wa 125 ali pa ntchito ya mtengatenga, osamenya aliyense. Mbava imayenda 7, ndi bokosi imatha mainchesi 5 ndi pang'ono, maulendo anayi yatuluka, ndipo simunalipire ngakhale khobidi. Kusiyana kwa ulendo umodzi sikwakukulu, chachikulu ndi chakuti wanyamula ndani ndipo watsala ndani kukutetezani. Ine ndikanatere: wophunzira 100, knight mmodzi 125, woponya mivi 75, treasure hunter (katswiri wosaka chuma) 100. Zakwana 400. Malo asanu otsala, mbava zitatu ndi ma thug awiri.

Wofunsa:
Zikomo achimwene, masamu a mainchesiwa sindinawaganizirepo. Treasure hunter ndi woyeneradi 100 yonseyo pamene mbava ndi yaulere ndipo liwiro ndi limodzimodzi?

Mbale wa ku Nottingham:
Liwiro ndi limodzi, inde, 7 onse. Kusiyana kwake kuli pa ndewu. Mbava Fight yake ndi +1 ndipo ili ndi kampeni chabe, ikakumana ndi thug pa bokosi nthawi zambiri imagonja. Treasure hunter amatha kulimbana naye n'kutenga bokosilo. Ndiye munthu womutuma pa bokosi limene mukudziwa kuti mnzanuyo akulifunanso.

Mayi wa ku Johannesburg:
Pepani kulowerera bambo, ine sindikugwirizana ndi treasure hunter poyambira. Ndasewera masewerawa ndi ana anga kwa nthawi ndithu, ndipo chimene chimasintha tebulo ndi mivi. Uta umafika mainchesi 24, magawo awiri mwa atatu a tebulo lonse. Woponya mmodzi mnzanu amangomuzemba, koma awiri, wina pamwamba pa nsanja wina pa ngodya, amamukakamiza kuyenda mokhotakhota kuseri kwa makoma, ndipo nthawi imene akutayayo ndi imene mbava zanu zikuthamanga. Ndi zomwe anakuchitani mayi uja. Mndandanda wanga: wophunzira 100, knight 125, oponya mivi awiri 150, agalu awiri pa 10 aliyense, mbava zitatu. Zonse 395. Galu sanyamula chuma, koma amathamanga mainchesi 8. Mumamutumiza kukaluma woponya mivi wa mdani, ndipo munthu amene ali pa ndewu saponya muvi. Kapena akagwire wonyamula bokosi asanatuluke. Akafa mwataya 10 basi.

Mbale wa ku Nottingham:
Achemwali, za agalu ndavomera. Koma mbava zitatu zokha ngati onyamula, imodzi ikagwa msanga mwatsala ndi manja ochepa. Zimadaliranso tebulo la ku holo kwawoko. Ngati mabwinja ndi othinana monga malamulo amafunira, mivi siona patali.

Wofunsa:
Tebulo lake ndi lothinana ndithu. Makoma ambiri anapangidwa ndi zija zoyera zotetezera firiji mu katoni, ndipo pali nsanja ziwiri zokha zokwerapo. Amene wafika msanga pa nsanja ndiye mfumu ya tsikulo.

Mkulu wina wa ku Lilongwe:
Ine masewera anuwa sindinawaonepo, ndangowerenga chifukwa nkhani ya mwanayo yandikhudza. Koma zikumveka ngati bawo. Wophunzira kumene amakondwa akadya nkhomo zambiri pa dzanja limodzi, osaona kuti wasiya mzere wake wakutsogolo pambalambanda. Muphunzitseni kuwerenga dzanja la mnzake asanasewere lake. Koma bwanji za amatsengazi, amayi ake a mwana sadandaula?

Wofunsa:
Zikomo bambo. Anafunsadi poyamba, ndipo ndinawakhazika pansi n'kuwaonetsa zonse: tizidole ta pulasitiki, tepi yoyezera, dayisi ndi pepala la manambala. Ataona mwana akuwerengetsera yekha kuti 17 kuchotsa 13 ndi mabala 4, mtima unakhala pansi. Masiku ano ndi iwo amene amatisungira makatoni opangira nyumba. Za bawozo mwalasa, ndimuuza momwemo chifukwa agogo ake anamuphunzitsako.

Mnyamata wa ku Manchester:
Amalume, onse akukamba za asilikali koma ine ndaona kuti chakuphani ndi momwe mukugwiritsira ntchito wamatsenga. Health yake ndi 14 koma Armour 10 yokha, ngati thug. Si munthu woima poyera. Elemental Bolt imafuna 12 pa dayisi, kutanthauza kuti imakanika kuposa theka la nthawi, ndipo imafika mainchesi 16 pamene uta umafika 24. Mukamamutulutsa kuti aponye, ndiye kuti mwamulowetsa kale m'dera la mivi. Pa matsenga 8 amene mumasankha, atatu ndi a sukulu yanu, ndipo ine Wall sindingaisiye: khoma la mainchesi 6 limatseka maso a oponya mivi pamene mbava yanu ikudutsa. Ku sukulu ya Summoner tengani Leap, imaulutsa munthu wanu mainchesi 6, ndipo kwa inu a Elementalist imafuna 10 basi chifukwa sukuluzo ndi zoyandikana. Tangoganizani knight wa mwana wanuyo, amene mukumunena kuti ndi wochedwa, ataulutsidwa n'kutera pafupi ndi bokosi lapakati ulendo woyamba womwe. Ku sukulu ya Enchanter tengani Telekinesis yokokera bokosi kufupi ndi anthu anu. Pa matsenga awiri a sukulu zapatali, Heal (lochiritsa) ndi Fog (la nkhungu). Chinanso, mu malamulo a 2020 wamatsenga amakula makamaka ndi chuma chimene gulu latulutsa ndi matsenga amene waponya, osati ndi asilikali a mnzanu amene mwagwetsa. Ndiye ndewu ya Lachinayi ija, ngakhale munaipambana, sikanakupatsani kanthu mu mpikisano.

Wofunsa:
Apa ndiye mwandisula mphwanga. Leap tinali nayo pa pepala koma sitinaiponyepo ngakhale kamodzi, maso onse anali pa Bolt. Ndipo tsiku lija nditaponya 4 ndinaganiza zodula Health ya wamatsenga kuti ndikwanitse 12, mwana n'kundiletsa. Anachita bwino?

Mnyamata wa ku Manchester:
Anachita bwino kwambiri. Kuchoka pa 4 kufika 12 mukanadula 8, n'kutsala ndi 6 pamaso pa mauta awiri. Kudula magazi n'kwa pamene mwapereweza 1 kapena 2, ndipo tsengalo ndi loti lipulumutsa bokosi. Kumbukiraninso kuti wophunzira amaponya matsenga omwewo koma dayisi yake imachotsedwa 2, ndiye mupatseni osavuta monga Leap, ovutawo asiyire mphunzitsi wake.

Mayi wa ku Johannesburg:
Ndiwonjezere pa ma thug, musawanyoze. Thug ali ndi +2, koma mnzake aliyense amene wagwira mdani yemweyo amamuwonjezera +2. Atatu akazinga knight mmodzi, womenyayo ali pa +6 pamene knight ali pa +4. Anthu aulere atatu aposa munthu wa 125. Ndiye knight wanuyo asamayende yekha, thug mmodzi azikhala pambali pake nthawi zonse. Gwiritsaninso ntchito lamulo lija lakuti wamatsenga akamayenda amatha kudzutsa asilikali atatu amene ali pafupi naye mainchesi 3, wophunziranso chimodzimodzi. Mukawaika bwino, anthu asanu ndi mmodzi ayenda nthawi ya asilikali wamba isanakwane. Za mwanayo, bambo, musamuchotsere chidole mwamseri. Mu mpikisano msilikali akagwa mumaponya dayisi masewera atatha, ikagwa pa 1 mpaka 4 wafa ndithu. Muuzeni kuti knight wachiwiriyo ndi wodikira: mukapeza golide pa masewera oyamba mumugula, kapena alowa m'malo mnzakeyo akafa. Malamulo amalola akatswiri anayi (monga knight, woponya mivi ndi treasure hunter), ndipo pa mindandanda yonse iwiri mwagwiritsa atatu, malo ake alipo kale.

Wofunsa:
Ndakhala naye pansi usiku uno titatha kudya, ndamuwerengera mayankho anu onse. Anakhala chete kanthawi, kenaka anatenga tepi n'kuyeza yekha pa tebulo mainchesi 6 a Leap kuchokera pamene knight amayambira. Wasankha kuti wa mkanjo wofiira apite, wobiriwira adikire pa shelefu mpaka tipeze 125. Tatenga oponya mivi awiri monga ananenera mayi a ku Johannesburg, koma galu mmodzi yekha, kuti pakhale mbava zitatu ndi thug woyenda ndi knight. Zonse zakwana 385. Elemental Bolt wakana kuichotsa, ndipo ndamulola, koma tagwirizana kuti wamatsenga saponya pokhapokha ali ndi khoma pambali. Galu tilibe, ndiye Loweruka tikafuna kachidole kake, akuti amupenta wakuda ngati amene anamuona kwa agogo ake ku Dedza.

Funso limodzi latsala kwa inu a ku Manchester: pa ulendo woyamba, Leap tiponyere knight kuti akagwire pakati, kapena woponya mivi kuti akwere nsanja mnzathu asanafikepo? Mwana akuti knight, ine mtima uli pa nsanja.