Kodi mbalame mpaka kuiphunzitsa njira ndi ndege?

MwanaWaKuDomasi:
Abale ndithandizeni, ndaona kavidiyo pa Facebook, mbalame zakuda za mlomo wautali wopindika zikutsatira kandege kakang'ono ka parachuti yachikasu, mzimayi ali pampando wakumbuyo akuzikuwira pa chimkuzamawu. Akuti akuziphunzitsa kusamuka. Zoona zimenezi kapena ndi za AI? Mbalame siimabadwa ikudziwa kale kopita?

Nachisale77:
Ndi zoona achimwene. Imeneyo ndi northern bald ibis, aku Germany ndi Austria amati Waldrapp. Inatha kumeneko zaka pafupifupi 400 zapitazo, anthu ankangoidya makamaka anapiye ake, zinatsala zam'tchire zambiri zili ku Morocco cha ku Agadir. Ndiye vuto ndi ili, kuuluka imadziwa yokha, ngakhale chilakolako chonyamuka kukayamba kuzizira imakhala nacho, koma kolowera imaphunzira kwa zikuluzikulu. Tsono zikuluzikulu zodziwa njira zitatha zonse, za ku zoo mukazimasula zimangobalalika kukafera kosadziwika. Johannes Fritz ndi gulu lake la Waldrappteam ndi amene anayambitsa zimenezi, amatenga anapiye ku zoo ya Rosegg ku Austria ali ndi masiku ochepa, n'kuwapereka kwa anthu awiri okha oti akhale amayi awo. Awiriwo amavala zachikasu tsiku lililonse, kudyetsa, kupukuta, kukhala nawo m'mawa mpaka madzulo, wina aliyense saloledwa kuyandikira. Mbalame sizitsatira ndege ayi, zimatsatira mayi amene wakwera ndegeyo.

BamboAJuni:
Kkkk ndiye ndi zomwe agogo ankachita zija, kuika mazira a nkhanga kwa nkhuku yofungatira, tiana tikaswa tonse pambuyo pa thadzi ngati mayi wawo. Kungoti apa thadzi lake ndi munthu wa digiri. Koma ndalama zonsezo eti, chifukwa cha mbalame yadazi yosaoneka n'komwe bwino?

Nachisale77:
Kunyansa nde inyansadi kkkk. Koma zinagwira. Kuyambira 2004 ankazitsogolera ku Orbetello ku Tuscany, Italy, ndipo mu 2011 imodzi inabwerera yokha mpaka ku Burghausen, Germany, komwe inachokera, popanda ndege. Pano zilipo zoswa zokha n'kutsogolera ana awo. Chasokoneza ndi nyengo, kukuchedwa kuzizira ndiye zikumanyamuka mochedwa, pofika pa mapiri a Alps mpweya wotentha umene zimakwera nawo m'mwamba watha, zina kulephera kuwoloka mpaka kukazinyamula pa galimoto. N'chifukwa chake mu 2023 anayamba njira ina yopita ku Andalusia ku Spain, makilomita oposa 2,000, ulendo wa masabata angapo, tsiku lina mbalame zimangokana kutsatira n'kubwerera pomwe zachokera, anthu n'kuyambiranso mawa.

Mphunzitsi_Leeds:
Ine ndingoonjezapo kuti si paliponse zinatha bwino. Ku America anachitanso ndi mbalame ina ya miyendo italiitali yotchedwa whooping crane, a gulu la Operation Migration, kuyambira 2001 kuchoka Wisconsin kupita Florida. Iwo anachita zosiyana, ankavala chinsalu choyera thupi lonse, osayankhula olo liwu limodzi, kudyetsa ndi chidole cha mutu wa mbalame kuti anapiye asazolowere munthu. Njira zinaidziwa bwinobwino, koma zitakula zambiri zinkalephera kulera, kusiya mazira pachisa, anapiye kufa. Mu 2016 a boma anaimitsa za ndegezo, pano amakonda kuti mwanapiye aleredwe ndi mbalame inzake kenako amusiye pafupi ndi zikuluzikulu zam'tchire. Ndiye achemwali musatamande kwambiri, za ibis zanuzo zambiri zikuferabe pa mapolo a magetsi ndi mfuti za alenje ku Italy.

MwanaWaKuDomasi:
Zikomo akuluakulu. Ine chandikhudza ndi cha mfuticho, munthu wakhala miyezi akudyetsa mphutsi ndi manja, wina n'kungoiphulitsa Lamlungu masana. Ngakhale nane ndisalankhule zambiri, legeni yanga ija inatha mbalame zingati kaya.