Masokosi a ubweya wa nkhosa m'kutentha kwa kuchigwa kuno

Woyenda wa ku Ngabu: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikumva kuti masokosi a ubweya wa nkhosa amachepetsa matuza komanso sawononga chilengedwe ngati a nayiloni. Koma mu Okotobala kuno kutentha kumapyola madigiri 40. Phazi silingapse? Nanga pa kaunjika enieniwo ndingawadziwe bwanji?

Mphunzitsi wa masewera, Nchalo: Achimwene, silipsa mukasankha opyapyala a merino (ubweya wofewa wa mtundu wina wa nkhosa), osati okhuthala a kumayiko ozizira. Matuza amabwera khungu likanyowa n'kumakhuzika munsapato. Thonje, ngakhale ndi mbewu yathu, limamwa thukuta n'kukhala chinyowere, ndiye limafewetsa khungu. Ubweya umatha kumwa chinyezi chofika pafupifupi 30 peresenti ya kulemera kwake usanamveke kunyowa, ndipo sununkha msanga. Musafune a ubweya wokhawokha, amabooka pachidendene. Tengani olembedwa ubweya 60 mpaka 70 peresenti, kotsalako nayiloni ndi lasitiki pang'ono. Akhale okukwanani ndendende, chifukwa sokosi ikapindika pansi pa zala, thuza limayambira pomwepo.

Mayi telala, Bangula: Za kaunjikazo, ambiri ooneka ngati ubweya ndi akiriliki, amene ndi pulasitiki basi. Sololani kaulusi mkati mwa sokosi, kayatseni ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera, umazima wokha, ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalitikita. Akiriliki amasungunuka n'kusiya kampira kolimba. Ngati ndi osakaniza muona zonse ziwiri. Muwaunikenso padzuwa: timabowo ting'onoting'ono ndi njenjete.

Pochapa ndi pamene ambiri amawaonongera. Madzi ozizira, sopo wofewa pang'ono, sokosi itatembenuzidwa. Osapikicha mwamphamvu, osamenyetsa pamwala. Madzi otentha ndi kupikicha zimalumikizitsa timamba ta ulusi, sokosi imafupika n'kuuma gwa, ndipo siibwereranso. Jik ayi ndithu, amadya ubweya. Finyani pang'onopang'ono musakupotokola, yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Pansi kapena paudzu musayanike, kuopa ntchentche zoikira mazira a mphutsi zolowa m'khungu. Mukafuna kusita, ikani kansalu konyowa pamwamba, simbi isatenthe kwambiri.

Wothamanga wa ku Nsanje: Zoti n'ngosamalira chilengedwe n'zoona mbali ina. Ubweya umaola m'nthaka, koma nayiloni wosakanizidwayo saola, ndipo ubweya wambiri wochapika pamakina amaudutsitsa m'mankhwala a kulorini n'kuukuta ndi kapulasitiki. Phindu lenileni lili pa kukhalitsa: mapeya 2 osinthanitsa, kuwenga zikhadabo, kusoka chidendene chikangoyamba kupyapyala.

Vuto lina ndi chisoso ndi tinjere ta udzu, zimakakamira ubweya kwambiri. Poyenda m'tchire, monga cha ku Lengwe, valani buluku lalitali lophimba masokosi. Ulendo ukatalika, vulani nsapato popuma, kutumulani mchenga, valani peya youma.