Kodi ana a Fomu 1 ndi Fomu 2 tiziwalola kupita ndi mabuku a m'laibulale kunyumba?

Mphunzitsi wa Chingerezi, Kasungu

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka aphunzitsi anzanga ndi makolo. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ina yoyendera kuno ku Kasungu, ndipo kumayambiriro kwa teremu ino aphunzitsi aakulu andipatsa udindo woyang'anira laibulale ya sukulu, ngakhale kuti ntchito imeneyi sindinaiphunzirepo. Laibulaleyo ndi chipinda chimodzi chomwe kale chinali chosungiramo katundu, ndipo mabuku ena akadali m'makatoni momwe anabwerera.

Lamulo lomwe ndalipeza ndi lakuti ophunzira a Fomu 3 ndi Fomu 4 okha ndi amene amaloledwa kubwereka buku n'kupita nalo kunyumba, pomwe a Fomu 1 ndi Fomu 2 amawerengera pomwepo pa nthawi yopuma, ati chifukwa akadali ana ndipo amataya mabuku. Chomwe chikundivuta n'chakuti nthawi yopuma ndi yaifupi, ndipo akaweruka ambiri amathamangira kwawo chifukwa amachokera kutali, kotero kuti mwana amatha teremu yonse asanamalize buku ngakhale limodzi. Komanso a Fomu 2 akuyembekezera mayeso a JCE, omwe anabwereranso m'chaka cha 2021. Ndikufuna kukapempha aphunzitsi aakulu kuti lamuloli lisinthe, koma ndisanapite ndati ndimve kaye kwa inu amene munagwirapo ntchitoyi. Kodi mwana azibwereka mabuku angati, kwa masiku angati, nanga akataya buku kapena akachedwa kubweza tizitani naye?

Mphunzitsi wopuma, Santhe

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa musanasinthe kanthu, chifukwa amene anaika lamulolo mwina anali ataonapo zinazake. Ine ndinasunga mabuku a sukulu kwa zaka zambiri, ndipo ndinganene kuti kulakwa kwa lamulo lanulo sikuli pa kuopa kuti mabuku asowa ayi, koma kuli pa kusiyanitsa ana m'malo mosiyanitsa mabuku. Wa Fomu 4 amataya buku chimodzimodzi ndi wa Fomu 1, ndipo kunena zoona mabuku ambiri omwe ine anandisowa anapita ndi a Fomu 4, chifukwa akangolemba MSCE simuwaonanso.

Agaweni mabukuwo patatu. Madikishonale, mabuku a mapu ndi buku lililonse lomwe muli nalo limodzi lokha asatuluke m'chipindamo, ngakhale wolifuna atakhala mphunzitsi. Mabuku a pa silabasi, omwe nthawi zambiri amakhala ochepa poyerekeza ndi chiwerengero cha ana, azibwerekedwa poweruka n'kubwezedwa m'mawa belu loyamba lisanalire, kapena kutengedwa Lachisanu n'kubwera Lolemba. Mabuku a nthano ndi ena owerenga pongofuna kudziwa zinthu ndi amene mungawalole kukhala kwa mwana sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mwana wa Fomu 1 ayambe ndi buku limodzi basi, akalibweza bwino ndiye atenge lina.

Musabwereketse buku lomwe simunalilembe m'kaundula. Buku lililonse likhale ndi nambala yakeyake, ndipo chidindo cha sukulu mudinde pachikuto cham'kati, m'mphepete mwa masamba, komanso pa tsamba limodzi lam'kati lomwe mwasankha inu nokha, lofanana m'mabuku onse, chifukwa wakuba amang'amba tsamba loyamba koma lam'katilo salidziwa. Za chindapusa, ine ndimakhulupirira kuti chizikhalapo, ngakhale chochepa, chifukwa chaulere sichisamalika. Ndipo makatoniwo muwachotse pansi msanga mvula isanayambe, chiswe chisanakuthandizeni kuwerenga.

Kholo, Chamama

Ine si mphunzitsi, ndine mayi wa mwana wa Fomu 2, koma ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ya chindapusa, chifukwa pamenepa sindikugwirizana ndi bambo a ku Santhe. Ambiri a ife ndalama timaiona nthawi yogulitsa fodya, soya kapena mtedza, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi m'nyumba mumakhala mulibe ngakhale ya mchere. Mwana akauzidwa kuti tsiku lililonse lochedwa ndi ndalama, sabwera kudzatiuza makolo, amangolibisa bukulo pansi pa mphasa, masiku n'kumachuluka, ngongole n'kumakula, mapeto ake amayamba kuzemba mphunzitsi amene amasunga mabuku. Mwana wanga wamkulu zinamuchitikira zimenezi pa sukulu ina, ndipo buku lomwe likanabwezedwa litachedwa masiku atatu okha linakhala m'nyumba mwathu teremu yonse ife osadziwa.

Pempho langa ndi lakuti mutiitane makolo ku msonkhano wa PTA, mutiwerengere malamulowo m'Chichewa, ndipo kholo lililonse lisainire kuti likudziwa zoti mwana wake azibwera ndi mabuku a sukulu kunyumba. Tikadziwa, ifenso tiziyang'anira kuti ang'ono ake asang'ambe masamba, komanso kuti wina asapichirire fodya kapena kukulungira zitumbuwa pepala la buku la sukulu, zomwe zimachitika ndithu m'midzi mwathu muno. Muwauzenso anawo kuti m'nyengo ya dzinja buku liziyenda m'pepala la pulasitiki, chifukwa ambiri alibe zikwama zosalowa madzi.

Wosunga mabuku, Lilongwe (kwathu ndi ku Mchinji)

Ndinaphunzira ntchito yosunga mabuku ku Mzuzu University, ndipo zomwe anena bambo a ku Santhe zokhudza kugawa mabuku ndi zolondola kwambiri. Ndingowonjezerapo za kalembedwe ka kaundula, chifukwa apa ndi pomwe malaibulale ambiri a m'sukulu amagwera. Mukamalemba obwereka onse motsatizana m'kope limodzi, pakatha milungu itatu simungathenso kudziwa msanga amene sanabweze. Ndi bwino kalasi iliyonse ikhale ndi kope lake, ndipo mwana aliyense akhale ndi tsamba lake, pomwe muzilemba nambala ya buku, tsiku lotenga, tsiku loyenera kubweza ndi siginecha yake. Kumapeto kwa buku mumate kapepala kolembapo tsiku lobweza, kuti mwana asanene kuti anaiwala. Kenako kalasi iliyonse ikhale ndi tsiku lake lobwereka pa sabata, ndipo musankhe ophunzira awiri odalirika m'kalasimo oti azikuthandizani, chifukwa inu muli ndi maphunziro oti muphunzitse ndipo simungakhale m'laibulale tsiku lonse.

Posanja mabuku m'mashelefu simukufunika kudziwa zonse za ndondomeko ya Dewey, yomwe Melvil Dewey anaisindikiza koyamba m'chaka cha 1876. Magulu ake akuluakulu ndi okwanira pa sukulu ngati yanu: mabuku a zilankhulo amakhala pa 400, a sayansi ndi masamu pa 500, a ulimi ndi luso lina la ntchito pa 600, a zolembedwa mwaluso monga ndakatulo ndi zisudzo pa 800, ndipo a mbiri yakale ndi jogalafe pa 900. Mukalemba manambala amenewa pa mashelefu, mwana wa Fomu 1 amaphunzira kudzipezera yekha buku, ndipo akadzalowa m'laibulale yaikulu sadzasokonezeka, popeza malaibulale ambiri amatsata ndondomeko yomweyi.

Pa chindapusa ndili mbali ya mayi a ku Chamama, ngakhale kuti chifukwa changa n'chosiyanako. Ndalama ikangoyamba kudutsa m'manja mwa mphunzitsi popanda malisiti, mawa lake ndi inu amene mudzafunsidwe komwe inapita. Wochedwa kubweza mungomuletsa kubwereka kwa masiku ofanana ndi omwe wachedwa. Wotaya buku nkhani yake ipite kwa aphunzitsi aakulu ndi kholo, agwirizane zogula lina kapena kulipira pang'onopang'ono kudzera ku ofesi ya sukulu.

Musaiwalenso kuti laibulale si yobwereketsa mabuku kokha. Sungani mapepala a mayeso akale a MANEB m'mafayilo, chaka chilichonse pachokha, ndipo nyuzipepala zomwe aphunzitsi amaliza kuwerenga zizibwera kumeneko. Ndikulimbikitsaninso kuti sukulu ilembe kalata ku National Library Service, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1967 ndipo likulu lake lili kuno ku Lilongwe, kufunsa za thandizo lomwe lingapezeke la mabuku ndi la maphunziro a mphunzitsi wosunga laibulale.

Wophunzira wakale, Wimbe

Aphunzitsi, mukamakalankhula ndi aphunzitsi aakulu mukawakumbutse za William Kamkwamba wa kwathu kuno. Iye anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, ndipo mabuku a sayansi omwe anamuthandiza kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo anawapeza m'kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe. Pa nthawiyo anali wa msinkhu womwewo wa ana anu a Fomu 1, Chingerezi chinkamuvuta moti ankadalira kwambiri zithunzi za m'mabukumo, komanso sanali n'komwe pa sukulu. Lamulo la pa sukulu yanu likanakhala kumeneko, iye sakanaloledwa kutuluka ndi buku.

Mphunzitsi wopuma, Santhe

Mayi a ku Chamama, mawu anu ndawamva ndipo pa za kuchedwa ndagonja, chifukwa zoti mwana amabisa buku poopa ngongole ndinazionapo, kungoti pa nthawiyo ndinkaziona ngati mwano. Koma pa buku lotayika sindisuntha. Buku la pa silabasi likasowa, amene alangidwa ndi ana ena onse omwe amalidalira, ndipo sukulu yoyendera ilibe ndalama zogulira lina msanga. Achimwene a ku Wimbe, nkhani ya Kamkwamba ndi yoona ndipo tonse timainyadira, komatu mabuku aja anawapeza pa shelefu chifukwa amene anawabwereka iye asanabwere anawabweza.

Chinthu china chomwe palibe wachitchula ndi aphunzitsi anzanu. Konzekerani, chifukwa amene adzakuvuteni kwambiri si ana ayi. Mphunzitsi amatenga buku ponena kuti akukakonzera phunziro, salemba paliponse, ndipo akasamutsidwa bukulo limasamuka naye. Kope la aphunzitsi likhalepo, ndipo woyamba kusainamo akhale aphunzitsi aakulu, kuti ena asaone ngati mukuwanyoza.

Mphunzitsi wa Chingerezi, Kasungu

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinakumana ndi aphunzitsi aakulu ndipo avomera kuti tiyesere teremu ino ndi mabuku a nthano okha, buku limodzi kwa mwana aliyense kwa masiku 7, a Fomu 1 Lachiwiri ndipo a Fomu 2 Lachinayi, popanda chindapusa cha kuchedwa. Mabuku a pa silabasi akana kuti azituluka mpaka nkhaniyi itakambidwa ku msonkhano wa makolo. Kope la aphunzitsi analiseka poyamba, koma asainamo. Makatoni tawakweza pa madesiki akale, ndipo awiri apansi tawapeza chiswe chitayamba kale.

Funso lomwe latsala ndi la tchuthi. Aphunzitsi aakulu akufuna kuti mabuku onse abwezedwe kutatsala milungu iwiri kuti titsekere, kuti tiwerenge zomwe zilipo, pomwe ine ndikuona kuti pa tchuthi ndi pomwe mwana wa Fomu 2 ali ndi nthawi yowerenga. Bambo a ku Santhe, kodi inu munkatani pa nkhani imeneyi?