Njira ya m'mphepete mwa nkhalango ya Kaning'ina ku Mzuzu: tiyambe ndi mbande kapena ngalande?

Wapampando:
Abale, moto unadutsa, ndipo njira imene amayi amadzera pokatola nkhuni yatsala pamtetete. Ndalama za m'thumba lathu n'zochepa. Ena akuti tigule mbande. Tiyeni timve maganizo mvula isanakhazikike.

Bambo a ku Masasa:
Ine ndikuti mbande za paini. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, ndipo kuno mvula imachedwa kusiya, mbande zimagwira bwino. Dzenje masentimita 30 mulitali, mulifupi ndi kuya komwe. Paini amakula msanga, onani ku Chikangawa.

Mayi a ku Chibavi:
Bambo, pepani, mbande zidikire. Chimene chidzaononge njira chaka chino ndi madzi. Moto ukatentha kwambiri, masamba ofunditsa nthaka amatha, ndipo dothi la pamwamba limakana kumwa. Kankhani phulusalo, muthire kapu ya madzi pa dothilo muone: amachita timadontho n'kugubuduka osalowa pansi. Mvula yoyamba idzafuna polowera, ndipo njira, popeza inakumbika ndi mapazi, ndiyo idzasanduke mtsinje. Pofika Febuluwale tidzakhala ndi chigwembe. Matope onsewo akathera ku Lunyangwa, komwe timamwa tonse.

Choyamba tikumbe ngalande zodutsa njira. Musazikumbe mopingasa ndendende. Zipendekere kumunsi kuti madzi azithamanga n'kudzitsukira okha mchenga. Ikakhala yopingasa imadzaza ndi mvula imodzi. Potsetsereka kwambiri ikhale pa mamita 10 aliwonse, pamene pali pang'ono mamita 25 kapena 30. Dothi lokumbalo liunjikidwe kumunsi kwa ngalande n'kulipondaponda, ndipo potulukira madzi tiyale miyala, apo ayi pamenepo ndiye pamayambira chigwembe china. Chinanso chimene anthu amaiwala: kamtumbira ka m'mphepete mwa njira, mbali ya kumunsi, kachotsedwe ndi khasu. Ndi kameneko kamatsekera madzi m'njira.

Achimwene a ku Luwinga:
Ndikugwirizana ndi mayi. Koma khasu lisanagwe pansi, tione mitengo yopserera imene idakaimabe. Ina inapsa kutsinde mkati, kunja ikuoneka yolimba. Muimenye ndi chikwanje chakumsana: ikalira ngati ng'oma, ndi yamphako. Yoyandikira njira igwetsedwe m'mawa kulibe mphepo, wodula mmodzi, wina woyang'ana kumwamba, ena onse atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Samalaninso pamene chitsa chinapsa mpaka kumizu. Pamwamba pali phulusa koma pansi pali dzenje, mwendo umathyoka pamenepo.

Mlembi:
Tikumbukire kuti nkhalango ndi ya boma. Lamulo la nkhalango la 1997 silitilola kudula mtengo mmenemo, ngakhale wouma, popanda chilolezo. Ndilemba kalata ku ofesi ya za nkhalango, ndipo tipemphe kuti mlangizi wao adzayende nafe.

Bambo a ku Masasa:
Ndamva, koma tikangokumba ngalande phiri likhala ladazi mpaka liti?

Mayi a ku Chibavi:
Silili ladazi, bambo. Pitani mukaone pa zitsa za misuku ndi mitondo, mphukira zofiirira zayamba kale. Mitengo yachilengedwe imaphuka kuchokera kumizu, ndipo imapitirira mbande ya m'chubu chifukwa mizu yake ili kale pansi. Pa chitsa chilichonse tisiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina tidulire. Paini amafa ndi moto, ndipo masamba ake akauma pansi ndi nkhuni za moto wotsatira. Mbande tigule zochepa, za katope ndi mbawa, za m'mbali mwa khwawa basi.

Msungichuma:
Ndiye ndalama zipite ku makasu, mapiki awiri, mafosholo ndi wilibala. Vetiva, udzu uja wogwira nthaka, tipemphe kwa amene ali naye. Azidzalidwa mapesi awiri kapena atatu pa phando, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, mzere wopingasa phiri. Mukatalikitsa, madzi amadutsa m'mipata n'kukumba.

Achimwene a ku Luwinga:
M'zigwembe zimene zayamba kale tiike miyala yotchinga, yosapitirira bondo, pakati pakhale potsika kuposa m'mbali. Pakati pakakwera, madzi amazungulira n'kudya khoma. Ndipo mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumiretu, tilambule mpata wotchinga moto wa mamita osachepera 4, zinyalala tizikokolere kutali. Tikapanda kutero mphukirazo zidzapsanso mu Okutobala.

Bambo a ku Masasa:
Chabwino, ngalande ziyambe. Koma za mbande ndidzazibweretsanso mu Januwale.

Wapampando:
Mudzatero, bambo. Kalata ikayankhidwa, tikumane Loweruka 6 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi khasu ndi nsapato zotseka, osati zapatapata.