Tchuthi ndi maola a ntchito: kuno ku Zimbabwe, ku Joni kapena kumudzi?

MphwangaWaKuMbare: Abale anga ndithandizeni. Mng'ono wanga ali ku Lilongwe akufuna kubwera kudzafuna ntchito kuno ku Harare koma anzake akumukopa za ku Joni, ndiye akundifunsa za maola ndi tchuthi kuti kwabwino ndi kuti. Ndimuyankhe bwanji?

GogoWaHighfield: Mwanawe, pa pepala kuno kuli bwino ndithu. Lamulo limapereka masiku 30 a tchuthi pa chaka, ngakhale amawerengera Loweruka ndi Lamlungu momwemo, pomwe ku Malawi ndi masiku 18 ngati ukugwira masiku sikisi pa sabata, 15 ngati ndi asanu. Amayi oyembekezera kuno amapuma masiku 98 akulandira malipiro, kumudzi ndi masabata 8 basi, zimandimvetsa chisoni zimenezo.

AchimweneAkuJoni: Ku South Africa lamulo ndi maola 45 pa sabata, ku Malawi 48. Koma agogo tinene zoona, malamulowa amateteza munthu amene ali ndi kontrakiti komanso mapepala ake, ambirife timagwira maganyu, kuno ku Harare anthu ochuluka akungogulitsa pa msewu kapena pa msika wa Mbare, ukapuma tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba agona ndi njala, tchuthi cha ndani pamenepo? Ku Joni wopanda pemiti abwana amamugwiritsa mpaka usiku ndipo iye amaopa kukadandaula.

MayiAwiri_Mufakose: Mumuuzenso kuti 6 July kuno ndi tsiku la ntchito, 15 January ya Chilembwe chimodzimodzi. Timapuma pa 18 April, masiku awiri a mu August a Heroes ndi Defence Forces, komanso 22 December. Koma choyamba apeze kaye mapepala asananyamuke achimwene, ndapota nanu.