HiAce ya botolo la hayidirojeni ikupha batire: ndiike alitaneta yaikulu?

Makanika wa ku Ndirande: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Yabwera HiAce ya petulo, imayenda Limbe–Zomba. Batire ikumadzuka yakufa, alitaneta, ija yotchaja batire, ikutentha moti sungaigwire, lamba akulira. Nditatukula mpando ndapeza botolo lamadzi, mkati muli timalata ta stainless, mawaya awiri onenepa komanso payipi yolowa ku eya kilina. Mwini wake akuti ndi HHO, ikumatulutsa hayidirojeni m'madzi kuti galimoto izimwa pang'ono. Iye akufuna alitaneta yaikulu basi. Ndiike?

Wamagetsi wa ku Biwi: Musathamange achimwene. Pimani kaye, chikukoka ma amp angati?

Makanika wa ku Ndirande: 20 injini ikangolira. Madzi akatentha chikukwerabe.

Wamagetsi wa ku Biwi: Ndiye matenda ndi omwewo. Ma amp 20 pa ma volt 14 ndi ma watt 280, kuwonjezera pa malaiti, wailesi ndi zonse zimene alitanetayo imasenza kale. Tsono tiwerenge zomwe bwanayo akupindula. Kuti upeze kilogalamu imodzi ya hayidirojeni m'madzi pamafunika magetsi pafupifupi 50 kWh, ndipo apo ndi pa makina abwino a m'fakitale. Botolo lakelo, ngakhale litalimbikira chotani, pa ola lingatulutse magalamu asanu kapena asanu ndi limodzi. Mphamvu yake n'chimodzimodzi petulo wa mamililita 20, masupuni anayi a tiyi. Koma magetsiwo sachokera kumwamba. Alitaneta ikalemedwa imalemetsa injini, ndipo injini ya petulo imataya mphamvu yambiri ngati kutentha, alitaneta nayo imatayako pafupifupi theka. Kuti apeze masupuni anayiwo akuwotcha petulo woposa mamililita 100. Mukaika yaikulu batire ichira, mafuta ndiye azipita monga kale kapena kuposa.

Fita wa ku Polokwane: Komatu musanyoze hayidirojeni abale anga. Kuno ku Limpopo, ku mgodi wa platinamu wa Mogalakwena, a Anglo American adaonetsa chilole choyendera hayidirojeni mu 2022, chonyamula matani 290. Si nthano ayi.

Wamagetsi wa ku Biwi: Sitikunyoza bwana. Chilole chimenecho sichipangira gasi wake m'njira. Hayidirojeni amapangira pamalo ena, n'kumuthira m'matanki, kenako fuel cell imamusandutsa magetsi oyendetsa mota. N'chifukwa chake a migodi ya platinamu ali nazo chidwi, platinamuyo ndi amene amagwira ntchito mu fuel cell. Galimoto ya Toyota Mirai, yomwe idatuluka mu 2014, ndi chimodzimodzi: matanki opanikiza gasi pa 700 bar, hayidirojeni pafupifupi makilogalamu asanu. Magetsi ake akachokera ku dzuwa kapena mphepo, nzeru imeneyo ilipo. Koma kupanga gasi ndi magetsi ochokera ku petulo yemweyo amene ukufuna kupulumutsa, pamenepo ayi.

Fita wa ku Polokwane: Apo ndavomera. Ine ndimangoteteza dzina la gasiyo kkk

Madala a ku Mzuzu: Ana inu mwatha masamu, koma ine mantha anga ali pena. M'payipimo simukuyenda hayidirojeni yekha, wasakanikirana kale ndi okosijeni, ndiye sadikira mpweya wakunja kuti ayake. Injini ikangobwezera moto ku eya kilina, lawi limatsata payipi mpaka m'botolo. Taonani ngati pali kabotolo kachiwiri kamadzi kotchinga moto. Ndipo injini ya HiAce ili pansi pa dalaivala ndi apaulendo akutsogolo, musaiwale. Chinanso, m'madzimo amasungunulamo kositiki soda kapena potashi kuti magetsi azidutsa bwino. Nthunzi yake imadya aluminiyamu. Valani magolovesi pokhuthula, asakugwereni m'maso.

Makanika wa ku Ndirande: Kabotolo kachiwiri palibe madala. Fyuzi palibenso, alumikiza ku batire mwachindunji popanda relay, kaswichi kodula magetsi galimoto ikazima. Throttle body, polowera mpweya mu injini, yayera mbuu ngati athirapo ufa.

Wamagetsi wa ku Biwi: Popanda relay? Ndiye chimakhala chikubwata usiku wonse galimoto itazima. Batire ikufera pomwepo.

Madala a ku Mzuzu: Chotsani lero lomwe. Koma mwini wake musamuseke, munthu amene wagonapo pa mzere wa mafuta amagwira chilichonse chomulonjeza mpumulo. Ambiri amalumbira kuti chikugwira ntchito chifukwa akangochiika amayamba kuponda mwaulemu. Muuzeni adzaze thanki, ayende masiku angapo msewu womwewo ndi dalaivala yemweyo, alembe malita ndi makilomita, ayerekeze ndi za m'mbuyo. Inu mumuonere mapulagi, eya filita, mpweya wa m'matayala ndi mabuleki ngati sakugwira okha. Minibasi zambiri mafuta zimatayira kumeneko.

Makanika wa ku Ndirande: Ndachotsa. Diode imodzi mu alitaneta inapsa, ndasintha rectifier yonse momwe mumakhala ma diodewo, tsopano ikupereka ma volt 14.2. Lamba wasiya kulira. Buleki yakumbuyo kumanzere imakhuladi, dramu imatentha. Bwanayo wanyamula botolo lake, akuti akayesa pa jenereta ya kunyumba.

Madala a ku Mzuzu: Muimbireni foni. Muuzeni kuti jeneretayo ikhale panja, kutali ndi ana, ndipo asasutire fodya pafupi.